Kamkuwa Konga Khoko la Anyezi

Shenyang, 9 Okotobala 2005

Okondedwa bambo,

Landirani moni wochokera kuno kozizira. Muli bwanji kumeneko? Amayi miyendo ija ikuwalola? Nanga achimwene a Dequan, alamu anga a Afeng, ndi kamwana kawo kosamva kaja? Ine ndili bwino, kungoti kabichi wowawasa wa kuno wanditopetsa. Ndikanaimba lamya kusitolo kwa a Cun, koma makutu anu nyundo inamaliza kalekale, ndiye ndangolemba.

Envulopuyi musataye musanaikutumule. Muli kanthu kofiirira, kukula kwake ngati chikhadabo cha chala chachikulu. Ndi mkuwa, bambo. Ndaupanga ine, popanda nyundo, popanda moto. Zaka zitatu mwakhala mukufunsa kuti ku Shenyang ndikuchitako chiyani, ndiye yankho lake ndi limenelo.

Munandiphunzitsa pachipala kuti mkuwa ukaumenya umalimba, ukapitiriza umakwiya n'kung'aluka, ndipo ukauika pamoto umabweza mtima koma umafewanso. Munkati munthu amasankha chimodzi, kulimba kapena kupindika. Kangaka kali nazo zonse ziwiri. M'kati mwa mkuwa muli timizere tosaoneka ndi maso, ndipo mkuwa ukamapindika ndiye kuti timizereto tikutsetsereka. M'kanthu aka timizere tikayenda pang'ono tikukhota, tikayendanso tikukhotanso, mbali iyi kufanana ndi mbali iyo monga amakumanirana matailosi pamwamba pa denga lathu. Kuno timati mapasa. Pokhoterapo pamakhala ngati khoma: kutsetsereka kukafikapo kumachedwa, koma khomalo silisweka. Makoma akachuluka mkuwa umalimba. Kuti mudziwe kutalikirana kwa makoma anga, tengani tsitsi limodzi la amayi muling'ambe zigawo zikwi zisanu. Akayandikana koposa apo mkuwa umayambanso kufooka, ndiye ntchito yonse yagona pa kupeza pakati pake.

Ndimaumeretsa m'madzi abuluu, magetsi ndikumayatsa ndi kuzimitsa. Ena anapangapo kale mkuwa wotere, koma wopyapyala chonchi ayi. Ndinapanga tisanu ndi kamodzi. Tisanu tinang'ambidwa ndi makina okoka, ndipo kalikonse kanapirira kakhumi kuposa mkuwa wamba. Aphunzitsi anga a Kuang anavula magalasi, kuwapukuta, n'kuwerenganso manambala. Kotsalako ndatumiza kwa inu, iwo sakudziwa. Kayeseni ndi zala zanu. Koma chonde musakaike pamoto, moto umafafaniza mapasa onse.

Ndiyankheni msanga.

Ndine mwana wanu,
Ruilan

*

Songping, 23 Okotobala 2005

Iwe Kanyundo,

Kalata yako yafika. Kuno tili bwino, kupatula chifuwa changa, koma ndi utsi wa makala basi. Mayi ako akuti uzivala mathalauza awiri.

Envulopu ndinatsegulira pachipala, pamaso pa Dequan ndi a Cun akusitolo. A Cun akuti, "A Duan, zaka zitatu za sukulu mwana n'kukutumizirani khoko la anyezi? Bola wanga amatumiza fodya!" Tinaseka tonse. Ndinakagwira n'kukoka. Kanakana. Ndinati mwina ndi ukalamba, ndinapatsa Dequan. Anakoka mpaka nkhope kufiira, kanamucheka chala. Ndinakapana ndi mbaniro ziwiri n'kupachikapo ndowa yodzaza madzi. Kanangoti zii. A Cun anasiya kuseka, akuti, "Ndiye mankhwalatu awa."

Kenako ndinakapinda, ndikudikira kuti kathetheke monga umachitira mkuwa wokwiya. Sikanathetheke. Pamenepo ndinakhala pansi. Zaka makumi anayi ndi zitatu ndikusula maketulo ndi miphika, agogo ako zaka makumi asanu, tonse tikuuza ana kuti zimenezi sizitheka. Lero kamtsikana kamene kankalira kakaona moto kabwera kudzandiuza kuti ndinkanama. Tsiku limenelo nyundo sindinaigwirenso. Ndachita nawe mantha mwana iwe, ndipo ndanyada. Mawu amenewa sindidzawanenanso, ndiye kalatayi usunge.

Za mapasa akozo sindinamvepo kanthu. Ndayang'ana ndi galasi la agogo ako, khoma sindikuliona. Koma zala zanga zakhulupirira. Ndakapaka phula kuti kasabiriwire, monga timachitira ndi ketulo yabwino. Phula lake lofunda chabe, usayambe kulalata. Kali m'thumba la malaya, ndipo aliyense wobwera kudzagula ketulo sachoka asanakaone.

Ndine bambo ako,
Duan Shouyi

*

Shenyang, 3 Januwale 2006

Okondedwa bambo,

Moni nonse. Ndakulemberani kawiri mu Disembala koma kuli chete. Chifuwa chija chili bwanji? Ndikhululukireni, lero moni ndi waufupi, chifukwa mutu wanga sukugwira.

Kamkuwa kaja ndikukafuna. Katumizeni tsiku lomwe kalatayi yafika.

Zachitika ndi izi. Aphunzitsi a Kuang analengeza za ntchito yanga pamsonkhano. Sukulu ziwiri zinayesa njira yanga, zinapeza mkuwa wamba wofewa. Inenso ndabwereza ka makumi anayi, mapasa osabwera. Chimene chinasintha sindikuchidziwa. Mwezi watha paipi inaphulika ndi chisanu, chipinda chathu chinadzaza madzi. Madzi anga abuluu aja anatayika, ndipo tizidutswa ta tisanu tija tinakokoloka ndi zinyalala.

Ndiye a Pang, amene timakhala tebulo limodzi, amene ndawagawira nyama yankhumba ya amayi chaka chilichonse, apita kwa akuluakulu a sukulu. Akuti zithunzi zanga za mapasa ndinajambula pa chitsulo china n'kunamizira mkuwa. Anandiitana pamaso pa anthu asanu. Mmodzi anandifunsa kuti, "Mayi Duan, kwanu amasula mkuwa eti? Ndiye mukudziwa bwino kupukuta chinthu kuti chioneke chagolide." Aphunzitsi a Kuang ankayang'ana patebulo.

Andipatsa mpaka pa 24 Malichi. Ndibweretse kachidutswa kamodzi kochokera pa tisanu ndi kamodzi tija, akaone okha ndi makina awo. Ndikalephera andichotsa sukulu, ndipo dzina langa alilemba poyera kuti ndine wabodza. Dzina lotero palibe sukulu kapena fakitale ingalilandire. Padziko lonse katsala kamodzi, ndipo kali m'thumba la malaya anu.

Kaikeni pakati pa makatoni awiri, mutumize pa positi yolembetsa. Bambo, ndikuopa.

Ruilan

*

Songping, 14 Januwale 2006

Mwana wanga wokondedwa Ruilan,

Ndakondwa kulandira kalata yako. Kuno tonse tili bwino kwambiri. Dzanja langa latupa pang'ono, ndiye akundilembera ndi Dequan.

Zimene walemba tamva. Usade nkhawa, akuluakulu amayamba ndi kuopseza. Kanthu kaja kasungidwa bwino, pamalo pamene palibe angakakhudze. Koma positi ya masiku ano si yodalirika, makamaka nthawi ino ya chikondwerero. Bwanji uyesenso kupanga kena? Unapanga kamodzi, upanganso.

Chaka chatsopano chathu, cha kumapeto kwa mwezi uno, usabwere. Sitima ndi masiku anayi, ndipo anthu amadzaza mpaka m'chimbudzi. Limbikira sukulu mpaka mayeso a mu Juni. Mayi ako akupereka moni.

Ndine bambo ako okukonda

*

Shenyang, 25 Januwale 2006

Achimwene,

Moni. Ndalemba kwa inu chifukwa kalata ija ndi yanu, si ya bambo. Chibadwire bambo sananditchulepo "mwana wanga wokondedwa." Akanati alankhule iwo inu n'kumalemba, mzere woyamba ukanakhala wonditukwana chifukwa chotaya madzi abuluu.

Ndatsegula envulopu, ndaikutumula, ndaing'amba mbali zonse. Mulibe kanthu! Masiku makumi awiri ndi awiri apita pachabe. Ndaimba kwa a Cun kanayi. Koyamba akuti mwapita kukagula makala. Kachiwiri akuti lamya sikumveka, chonsecho ndikuwamva akutafuna mtedza. Nditati aitane amayi, akuti, "Mwana iwe, ine ndimagulitsa mchere basi," n'kudula.

Ndiuzeni zoona. Mwakataya? Mwana wakaseweretsa? Kapena munakaika pamoto kuti muone ngati ndinkanama? Ngati ndi choncho nenani, ndidziwe kuti ndafa. Koma ngati mukukaumira dala, chifukwa ine ndinapita kusukulu inu n'kutsala pachipala, achimwene, ndiye mwasankha nthawi yoipa yobwezera. Sindinaganizepo kuti ndingakulembereni mawu ngati amenewa.

Kalata yanga ija muwapatse bambo m'manja, aiwerenge okha. Maso awo alibe vuto.

Ruilan

*

Songping, 5 Febuluwale 2006

Mlongo wanga,

Moni wa chaka chatsopano. Mawu ako andipweteka, koma sindikuyankha. Nsanje ndilibe. Ine nyundo ndimaikonda, mabuku ankandigonetsa tulo.

Kamkuwa kako ndi aka, ndakaika pakati pa makatoni monga unanenera. Kanasowa pang'ono m'nyumba, n'chifukwa chake tinachedwa. Tsopano mtima ukhale m'malo, ukawaonetse akuluakulu akowo.

Ndaikamonso chithunzi chimene anatijambula tsiku lachikondwerero. Taona mmene mwana wakulira, wavala jekete unamutumizira lija. Amayi ndi awo pakhomopo, anenepa. Bambo anali atapita kukaona anzawo. Ukuona, zonse zili bwino.

Dequan

*

Shenyang, 16 Febuluwale 2006

Achimwene,

Nditaona makatoni aja ndinalira pamaso pa wapositi. Ndinathamanga nako kwa aphunzitsi a Kuang. Ndili pakhomo pawo, dzanja lili m'mwamba kuti ndigogode, china chinandiuza kuti ndiyambe ndakaona ndekha.

Ndinakaika m'makina oonera m'kati mwa mkuwa. Mulibe mapasa ngakhale amodzi. Timizere tonse tapiringizana, tathyokathyoka, monga umakhalira mkuwa womenyedwa ndi nyundo. Ndinakatembenuza pa kuwala, ndinaona mapazi a nyundo yanu yaing'ono ija, ya kona yobenthuka. Munasula nokha! Munatenga chibenthu cha ketulo, kuchimenya mpaka kupyapyala, kuchipaka phula, n'kuganiza kuti mkuwa ndi mkuwa. Luso lake ndavomera, palibe wina m'boma lathu lonse la Heqing angaupyapyalitse chotero. Koma mukudziwa chimene mukanandichita? Ndikanagogoda chitseko chija, bwenzi lero ndili wabodza wogwidwa ndi umboni m'manja, wobweretsa yekha.

Ndinabwerera kuchipinda kuti ndikulembereni kalata yoti musadzanditchulenso mlongo. Chithunzi chija chinali patebulo. Ndinayang'ana mwana, ndinayang'ana amayi. Sananenepe, avala majekete awiri. Kenako ndinayang'ana chitseko kumbuyo kwawo.

Achimwene, mapepala a chaka chatsopano amene mwamata pamafelemu ndi oyera.

Nyumba iliyonse imamata ofiira. Oyera imamata nyumba imene mwatuluka maliro chaka chimenecho. Munakumbukira kunama za dzanja lotupa, za anzawo a bambo, za positi, koma chitseko munachiiwala chifukwa mumachiona tsiku lililonse.

Pachithunzipo pali amayi, pali inu, pali alamu, pali mwana. Ndawerenga kakhumi. Ndaimba kwa a Cun, angomva mawu anga n'kuyamba kulira.

Ndiuzeni tsiku lake. Ndiuzeni ndi pakamwa panu.

Ruilan

*

Songping, 26 Febuluwale 2006

Mlamu wanga,

Ndine Afeng. Moni sindikudziwa kuti ndipereke bwanji. Achimwene ako atawerenga kalata yako anakakhala kuchipala, moto osayatsa, mpaka lero ali komweko. Ndiye ndalemba ine, andikalipire akafuna.

Bambo anatisiya pa 11 Disembala, dzuwa litangotuluka. Sunali utsi wa makala. Kuchipatala cha m'tauni anatiuza mu Novembala kuti mapapo atha, tibwerere nawo kunyumba. Iwo ndiwo analamula kuti usauzidwe. Anati, "Kanyundo akamva akwera sitima, mayeso apita. Mwana wa a Cun anamubisira za mayi ake mpaka atalemba, lero ndi dokotala. Mudzamuuze mu Juni, adzanditukwane pamanda." Tonse tinavomera, chifukwa ndi mmene timachitira ndi mwana amene ali pasukulu. Sitinadziwe kuti zifika apa.

Tsopano za kamkuwa. Khala pansi, mlamu.

Mpweya utayamba kuvuta, amayi anabweretsa kapepala kofiira, njere za mpunga, masamba a tiyi ndi kasiliva, zoika m'kamwa kuti munthu asapite kukamwa kuli pululu. Bambo anakankha kasiliva kaja. Ankaloza thumba la malaya. Amayi akuti, "Mukufuna fodya nthawi ino?" Iwo akuti, "Siliva amapita naye aliyense, ngakhale mbava. Ine mundipatse wa Kanyundo. Ndikawaonetse atate kuti tinkanama." Anaseka, kuseka kwake kunali kutsokomola. Achimwene ako anakapinda kamodzi, kukakulunga m'kapepala kofiira kaja pamodzi ndi mpunga ndi tiyi, n'kuwaika m'kamwa. Ndi mawu awo omaliza amenewo.

Kamkuwa kako kali m'kamwa mwa bambo, kuphiri, masiku makumi asanu ndi awiri kudza asanu ndi awiri tsopano.

Kalata yako ya mu Januwale itafika, achimwene ako anatuwa nkhope. Anena bwanji? Akati kali m'manda, waulula maliro. Akati katayika, wakupha. Anasula kabodza kaja masiku asanu ndi limodzi, zala zonse matuza, akulira. Usawaweruze kwambiri.

Amayi sadziwa kuwerenga, ndiye makalata ako onse achimwene ako ankawawerengera zam'mutu mwawo: uli bwino, wanenepa, aphunzitsi akukutama. Lero ndawawerengera enieniwo, kuyambira wa pa 3 Januwale. Sanalire. Anandiuza ndibwereze pamene pali tsiku la 24 Malichi, kenako pamene pali mawu oti wabodza. Atatero anafunsa kuti lero ndi pachingati, n'kupita kukadyetsa nkhumba.

Pepa, mlamu.

Afeng

*

Shenyang, 8 Malichi 2006

Amayi, achimwene, alamu,

Kalata ya alamu yafika dzulo. Ndaiwerenga kamodzi, sindingaiwerengenso.

Pa 11 Disembala ndinali kukolopa madzi a paipi, ndikutukwana. Ndayesa kukumbukira ngati ndinamva kanthu m'thupi m'mawa umenewo. Sindinamve kanthu. Masabata atatu ndinakhala ndikulembera munthu amene ali m'nthaka, ndikumuuza za makatoni ndi positi yolembetsa. Munandilanda kuwasambitsa, munandilanda kugwada panjira ya bokosi. Ndikudziwa analamula okha. Ndakwiya nawo, ndipo ndilibe powapeza.

Achimwene, mawu anga a nsanje aja ndabweza. Ndikhululukireni.

Tsopano mverani bwino. Kamkuwa kaja ndi ka bambo. Ndinawapatsa, analandira, apita nako. Wina asayerekeze kuganiza zina. Pa 24 ndikawauza akuluakulu kuti umboni ndilibe, alembe zimene akufuna. Ndayamba kale kulongedza mabuku. Ndibwera mu Epulo, ndidzakhala pachipala ndizidzapukuta maketulo. Wabodza wopukuta maketulo palibe amamufunsa satifiketi.

Ruilan

*

Songping, 9 Malichi 2006

Ruilan,

Ndine mayi ako, akulemba ndi Afeng. Ndamuuza alembe mmene ndikunenera, asakometse.

Tsegula makatoniwo pamalo poyera, usambe m'manja. Aka ndi kenikeni.

Ndinayamba ndapita kwa a Hong osankha masiku. Ndinati andipezere tsiku lotsegula manda. Anagwetsa kapu. Akuti, "Mayi a Dequan, mwapenga? Munthu sanathe masiku zana! Tsiku lotero mulibe m'buku langa, mulibenso m'buku la aliyense. Mudzaitanira tsoka mbumba yonse." Ndinati, "Tsoka lafika kale, likudikira pa 24." Anandithamangitsa n'kuwaza mchere pakhomo.

Ndiye tsiku ndinasankha ndekha. Dzulo linali tsiku la msika, mudzi wonse unatsikira ku Heqing. Ndinauza Dequan atenge chitsulo chosunthira miyala. Anagwada, akuti, "Amayi, ndipheni kaye." Ndinati, "Unasula bodza masiku asanu ndi limodzi, sungasunthe mwala wotseka manda tsiku limodzi? Wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko. Tiye."

Mwala anachotsa, misomali ya bokosi anazula. Pa chivindikiro mpamene manja ake anakana. Anathawira m'mitengo kukasanza. Ndinakankha ndekha ndi phewa. Sindikuuza zimene ndinaona, ndipo usadzandifunse. Chisanu cha kuphiri chinawasunga pang'ono, ndinawazindikira.

Ndinawalankhula. Ndinati, "Bambo a Dequan, ndine. Mwawaonetsa kale atate anu, kwakwana. Mwana akufuna katundu wake, akumutcha wabodza. Tsegulani pakamwa." Moyo wawo wonse munthu uja sanandimvere ngakhale tsiku limodzi. Dzulo sanavute.

Wobusa mbuzi wina anationa, ndiye pofika madzulo mudzi wonse unali utamva. Azibale a bambo ako abwera m'mawa uno, aima panja, akana kulowa. Akuti nyumba ino sadzadyamonso mpunga. Amene anaitanitsa maketulo a ukwati atumiza mawu kuti basi. Pachitsime akazi akundipatukira. Asiye. Sanabereke iwo.

Kapepala kofiira ndachotsa, kanaola. Mkuwawo sindinautsuke, ndinaopa kufafaniza ana ako amapasawo. Thamanga nako.

Mayi ako

*

Shenyang, 25 Malichi 2006

Amayi,

Makalata athu anaphonyana panjira. Yanga yokuletsani inanyamuka tsiku lomwe inu munali kuphiri. Yanu inandipeza pa 19, mabuku ndamanga kale m'makatoni.

Nditawerenga ndinakuwa mpaka anzanga a chipinda china anathamangira. Masiku awiri makatoni anu aja anali patebulo, ine osawakhudza. Ndinkati ndiwabweze osatsegula. Kenako ndinaganiza za phewa lanu pa chivindikiro chija, ndinasamba m'manja.

Phula la bambo linagwira ntchito. M'mbali mokha ndi momwe munabiriwira, pakati pali bwinobwino. Dzulo anthu asanu aja anakhala kumbuyo kwanga, a Pang ataima pakhomo. Sanandilole kukhudza makina. Anaboola okha kachidutswa kozungulira, kukapala mpaka kuwala kudutsa, n'kukalowetsa m'makina oonera. Galasi linayamba lachita mdima. Kenako mizere inatuluka, yowongoka, yothithikana, khoma pa khoma, kuchokera kuno mpaka uko. Amene ankanena za kupukuta golide uja anayeza kutalikirana kwake katatu. Chotsalacho anachiika m'makina okoka. Chinapirira kakhumi kuposa mkuwa wamba, kenako chinaduka. Nditatembenuka, a Pang panalibe.

Dzina langa layera, amayi. Sandichotsa. Koma digiri akuti idikire mpaka nditapanganso mkuwa wotere ena akuona, ndipo mpaka lero sindikudziwa chimene chinachitika m'madzi aja mu Okotobala.

Potuluka aphunzitsi a Kuang anandigwira paphewa. Akuti, "Koma Duan, chinthu chamtengo wapatali chonchi unkasunga kuti? Chabiriwira m'mbali, chikununkhanso tiyi." Ndinati, "Ankasunga bambo anga." Akuti, "Munthu wosamala zinthu. Ukawathokoze m'malo mwanga." Ndinafika kuchimbudzi mothamanga, n'kukalirira kumeneko.

Palibe chatsala choti ndikubwezereni. China anapala, china anadula, zonse atsekera m'kabati ya akuluakulu ngati umboni.

Ndili ndi funso limodzi, ndipo likundilepheretsa kudya. M'kalata yanu mwanena zimene munachotsa. Simunanene zimene munaikamo. Musanatseke bokosi, m'kamwa mwa bambo munaikamo chiyani?

Mwana wanu,
Ruilan

*

Songping, 5 Epulo 2006

Ruilan,

Ndine mayi ako. Afeng wandiwerengera kalata yako kawiri, pamene pali mizere yothithikana katatu. Dequan wayatsa moto pachipala, ngakhale ogula kulibe.

Lero ndi tsiku losesa manda. Tapita atatu ndi mwana, azibale anapita m'mawa kuti asakumane nafe. Ndawauza bambo ako kuti dzina lako layera.

Wafunsa, ndiye ndikuyankha. Sindinaikemo kanthu. Kasiliva kaja ndinapita nako, kanali m'dzanja langa. Ndinakafikitsa mpaka pamilomo. Koma munthu uja anakakana ali moyo, ndimukakamize poti sangathenso kukankha? Mpunga ndi tiyi ndinaika pachifuwa. M'kamwa muli pululu, ndipo a Hong akuti munthu wotero kumizimu sadya, salankhula. Bambo ako osalankhula! Zimenezi ndi zimene zikundipweteka ine, osati za pachitsime.

Usabwere mu Epulo. Masula mabukuwo, ubwerere ku madzi ako abuluu. Manda aja sangatsegulidwenso mwachisawawa, Dequan sangapirire kachiwiri. Koma ali ndi zipinda ziwiri, ndipo tsiku lodzandilowetsa ine mwala udzachotsedwa poyera, a Hong omwewo atasankha tsiku. Pamenepo palibe adzakuletse kufika pakamwa pa bambo ako ndi kamkuwa katsopano. Miyendo yatupa mpaka m'mawondo chaka chino, ndiye usachedwe kwambiri.

Ukadzakwanitsa, upange tiwiri.

Mayi ako